Big Top Pee-wee ndi Paul Reubens: mafunso ndi mayankho pa filimu imene inagwiritsa anthu mwala

Pa 22 July 1988 kampani ya Paramount inatulutsa filimu ya nthabwala yotchedwa Big Top Pee-wee. Anthu ku America anaidikira ndi mtima wonse, poti inzake ya 1985 inawaseketsa mpaka kupukuta misozi, ndipo mwini sewerolo, Paul Reubens, nthawi imeneyo anali pachimake pa kutchuka. Koma filimuyo inangodutsa mwakachetechete, ndalama osabweza, ndipo panatha zaka 28 asanajambulenso filimu ina ya Pee-wee. M'munsimu muli mafunso amene munthu amakhala nawo akaionera koyamba, kapena akamva dzina la Paul Reubens n'kufuna kudziwa kuti anali yani.

Pee-wee Herman ndi ndani, nanga Paul Reubens ndi ndani?

Thupi ndi limodzi, mayina awiri. Paul Reubens ndiye munthu weniweni, katswiri wa zisudzo amene anabadwa pa 27 August 1952 ku Peekskill m'chigawo cha New York, dzina lake lobadwa nalo lili Paul Rubenfeld. Pee-wee Herman ndi munthu wa m'sewero amene Reubens anachita kupeka: bambo wamkulu ndithu, koma maganizo ake a mwana wa ku pulayimale. Amavala suti yotuwa yomuthina, thalauza lolekeza pamwamba pa akakolo, nsapato zoyera mbee, ndi katayi kofiira kooneka ngati gulugufe pakhosi. Amayankhulira m'mphuno, ndipo kaseko kake ukakamva kamodzi sukaiwala.

Musamuyese mwana wabwino. Pee-wee ndi wamakani, wodzikonda, wosachedwa kupsa mtima, ndipo mukamunyoza amakubwezerani mawu anu omwewo monga amachitira ana pa bwalo la sukulu. Zidole zake amazikonda kuposa anthu.

Reubens anabisala kwambiri kuseri kwa munthu ameneyu. Akamuitana pa wailesi ya kanema kuti akacheze naye, ankapita atavala sutiyo n'kumayankha mafunso ngati Pee-wee. Pa mndandanda wa osewera m'filimu ankalemba kuti Pee-wee Herman wasewera monga iye mwini, dzina la Reubens n'kumaoneka pa olemba nkhani. Ngakhale nyenyezi imene anamuikira pa msewu wa anthu otchuka ku Hollywood mu 1988 ili ndi dzina la Pee-wee. Amene anakula akuonera Izeki ndi Jakobo akudziwa mmene dzina la pa siteji limamezera dzina la pa chitupa. Kwa Reubens zimenezi anachita kuzifuna dala, kuti anthu azikhulupirira kuti Pee-wee ndi munthu amene alipodi kwinakwake.

Munthu ameneyu anamupeka liti, ndipo zinayamba bwanji?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Reubens anali m'gulu la zisudzo la The Groundlings ku Los Angeles, atadzera ku sukulu ya zaluso ya California Institute of the Arts. Gululi limazoloweretsa anthu kupeka sewero pomwepo pa siteji, popanda cholemba. Reubens anali ndi vuto loiwala mathero a nthabwala, ndiye anaganiza zopanga munthu amene amalakalaka kukhala wanthabwala pamene aliyense akuona kuti sangathe. Suti anabwereka kwa Gary Austin, mtsogoleri wa gululo, ndipo mnzake Phil Hartman anamuthandiza kumuumba bwino munthuyo.

Mu 1980 anakayesa mwayi ku pulogalamu ya nthabwala ya pa kanema ya Saturday Night Live koma sanamutenge. Zinamuwawa, ndipo m'kuwawidwa komweko anakonza sewero lakelake, The Pee-wee Herman Show, limene linayamba mu 1981. Linali sewero la usiku, la anthu akuluakulu, lotengera mapulogalamu a ana a m'ma 1950 koma lodzaza nthabwala za matanthauzo awiri. Linakhala miyezi isanu ku Roxy Theatre, kenako wailesi ya kanema ya HBO inalijambula n'kulionetsa dziko lonse. David Letterman anayamba kumuitana pafupipafupi ku pulogalamu yake, ndipo mu 1984 anadzaza holo yotchuka ya Carnegie Hall ku New York. Gwirani mfundo iyi, chifukwa ibweranso: oyamba kumukonda Pee-wee anali akuluakulu, ana anabwera pambuyo.

Filimu yoyamba inali yotani kuti anthu ayembekezere zambiri chonchi?

Pee-wee's Big Adventure inatuluka mu August 1985 kuchokera ku Warner Bros. Nkhani yake mungaifotokozere mwana m'mpweya umodzi: Pee-wee ali ndi njinga yofiira imene amaikonda kuposa chilichonse, wina waiba, iye akuisaka dziko lonse. Mayi wina wolosera zabodza amuuza kuti njingayo ili m'chipinda chapansi pa Alamo, nyumba yakale ya mbiri ku San Antonio, ku Texas. Iye ulendo, n'kukapeza kuti Alamo ilibe chipinda chapansi n'komwe. M'njira akumana ndi mkaidi wothawa, mzukwa wa mayi woyendetsa thiraki, ndi gulu la anthu a njinga zamoto amene akufuna kumupha mpaka atawavinira pamwamba pa tebulo.

Analemba nkhaniyo ndi Reubens, Phil Hartman ndi Michael Varhol. Woitsogolera anali Tim Burton, mnyamata wa zaka 26 amene anali asanajambulepo filimu yaitali. Reubens anamusankha ataona kafilimu kake kakafupi ka Frankenweenie. Nyimbo anapeka ndi Danny Elfman wa gulu loyimba la Oingo Boingo. Inadya madola pafupifupi 7 miliyoni n'kubweretsa oposa 40 miliyoni.

Nanga nkhani ya Big Top Pee-wee ikuti chiyani?

Apa Pee-wee ndi mlimi. Ali ndi famu imene ziweto zimagona pa bedi, ndipo bwenzi lake la pamtima ndi Vance, nkhumba yoyankhula. M'kanyumba kake koyeseramo mbewu wabisa mtengo wobala masoseji. Ali pa chitomero ndi Winnie Johnson, mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzimo, amene masana aliwonse amamubweretsera masangweji a mazira, chakudya chimene Pee-wee amadana nacho koma osanena. Anthu a m'tauni yapafupi ndi okalamba okhaokha, olusa, ndipo safuna n'kumuona komwe.

Tsiku lina kuwomba chimphepo chamkuntho. Pee-wee potuluka m'chipinda chobisaliramo apeza kuti mphepoyo yamutulira gulu lonse la circus pa famu yake. Circus ndi gulu loyendayenda la anthu ochita masewera odabwitsa m'chitenti chachikulu: olendewera pa zingwe m'mwamba, oyenda pa waya, anthabwala opaka nkhope, oweta njovu ndi mikango. Chitenti chimenecho ndicho big top ya pa mutu wa filimu. Mkulu wa gululi ndi Mace Montana, amene mkazi wake Midge ndi wochepa mokwana m'thumba la malaya.

Anthu a m'tauni akana circus. Pee-wee awasunga alendowo pa famu, n'kukopeka ndi Gina Piccolapupula, mtsikana wa ku Italy wolendewera pa zingwe. Winnie awapezerera akupsompsonana. Gina naye akwiya atadziwa kuti munthuyo anatomera kale wina. Zitadekha, Pee-wee ayesa masewera osiyanasiyana a m'circus n'kulephera onse, mpaka Gina amupatsa chovala cha malemu bambo ake amene anali katswiri wa masewera a m'mwamba, kuti ayese kuyenda pa chingwe. Mace aganiza zosakaniza circus ndi ziweto za pa famu. Okalamba aja atabwera ndi wapolisi kudzawathamangitsa, Pee-wee awadyetsa timasoseji ta mu mtengo uja, onse n'kusanduka ana, ndipo monga ana athamangira kukaonera masewera. Pee-wee ayenda pa chingwe, Winnie apeza chitonthozo mwa alongo ake anayi a Gina, filimu n'kutha isanakwane ola ndi theka.

Kodi ikupitiriza pamene yoyamba inalekezera?

Ayi. Njinga palibe, nyumba yake ya m'filimu yoyamba yodzaza makina ochenjera palibe, Dottie amene ankamufuna m'filimu yoyamba satchulidwa n'komwe. Chotsala ndi suti ndi kaseko basi. Ngakhale nyimbo zodziwika za filimu yoyamba Elfman sanathe kuzibwereza, chifukwa zinali za Warner Bros. pamene iyi inali ya Paramount.

N'chifukwa chiyani anasankha circus?

Yankho lili ku ubwana wa Reubens. Banja lake linasamukira ku Sarasota, ku Florida, iye ali mnyamata, ndipo makolo ake anali ndi sitolo yogulitsa nyale kumeneko. Sarasota ndi tauni ya circus. Kuyambira mu 1927 gulu lalikulu la Ringling Bros. and Barnum & Bailey linkapumira kumeneko nyengo yozizira, ndipo ngakhale litasamukira ku tauni yoyandikana ya Venice cha m'ma 1960, mabanja ambiri a osewera anakhazikika ku Sarasota komweko. Filimu yotchuka ya circus ya 1952, The Greatest Show on Earth, mbali yake ina anajambulira m'tauni imeneyi, ndipo nayonso inali ya Paramount. Reubens anakula akuona anthu oyenda pa waya akugula zinthu m'sitolo ngati wina aliyense, ndipo ankanena poyera kuti circus ndi imene inamupatsa chilakolako cha zisudzo.

Ine ndimaona kuti vuto linayambira pomwepa. Maloto a circus anali a Paul, sanali a Pee-wee. Atapeza mphamvu zoti kampani imupatse chilichonse chimene akufuna, Reubens anajambula filimu imene mnyamata wa ku Sarasota uja ankailota, n'kumulowetsamo Pee-wee chifukwa ndiye anali ndi dzina logulitsa matikiti. Mukaionera mudzaona kuti chikondi chonse cha kamera chili pa ngolo zopakidwa utoto, pa zovala zonyezimira ndi pa nyama. Mwini filimu amakhala ngati wolandira alendo pa phwando la ena.

Inaluza ndalama zingati?

Inadya madola pafupifupi 20 miliyoni n'kubweretsa pafupifupi 15 miliyoni ku America. Yerekezani ndi yoyamba: ndalama zolowa zinachuluka pafupifupi katatu, zotuluka osafika ndi theka lomwe. Komanso eni nyumba zoonetsera kanema amatengapo gawo lawo pa ndalama za pakhomo, choncho zimene zinafika ku Paramount zinali zochepa kuposa apo.

Nyengo nayo inali yovuta. Miyezi yomweyo kunali Who Framed Roger Rabbit imene inakokera mabanja onse, kunali Big ya Tom Hanks, imenenso ndi nkhani ya mwana wokhala m'thupi la munthu wamkulu, kunali Coming to America ya Eddie Murphy ndi Die Hard. Koma tisanamizire anzake. Filimu imene anthu aikonda amauzana, ndipo iyi anthu anauzana kuti asavutike.

Ndiye chinalakwika n'chiyani kwenikweni?

Pee-wee amaseketsa akakhala kuti ndi yekha wachilendo pakati pa anthu wamba. M'filimu yoyamba amalowa m'bala ya anthu a njinga zamoto atavala suti yake yothina, n'kuwauza kuti akhale chete akufuna kuimba foni. Chokoma chili pa nkhope za anthu enawo, amene sakudziwa kuti chawagwerachi n'chiyani. M'filimu yachiwiri mwamuika pakati pa mayi wandevu, mnyamata wa nkhope ya galu, mkazi wokwana m'thumba ndi nkhumba yoyankhula. Pagulu lotere wa suti yotuwa ndiye amaoneka wabwinobwino. Anthu wamba otsalawo ndi okalamba a m'tauni aja, ndipo iwo alibe khalidwe lina koma kulusa. Sadabwa naye, sakopeka naye, amangomuda kuyambira pachiyambi mpaka soseji itawasintha.

Kenako funsani kuti Pee-wee akufuna chiyani. M'filimu yoyamba yankho ndi limodzi, njinga yake, ndipo chilakolako chimenecho ndicho chimamukoka kuchoka m'tauni ina kupita ina. Woonera sasochera. Apa Pee-wee sachoka pakhomo. Circus imachita kumupeza, mkazi amachita kumupeza, ngakhale nzeru yopulumutsa masewerawo imachokera kwa Mace. Nthawi ina akufuna Gina, nthawi ina akufuna kukhala wosewera, nthawi ina ali ndi mbewu zake, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene chimamuyatsa moto ngati mmene inkachitira njinga.

Koma chachikulu, mwa kuona kwanga, ndi nkhani ya akazi. Pee-wee wa 1985 mtsikana akamufuna amachita manyazi osanduka mwano, n'kumuuza Dottie kuti iye ndi munthu woyenda yekha, wosamvera lamulo. Ndi mwana amene sanafike poganiza za chikondi, ndipo n'chifukwa chake timamukhululukira kudzikonda kwake konse. Pee-wee wa 1988 ali ndi chibwenzi, amamulumphira Winnie pa udzu ana a sukulu ali chapafupi, amasirira tsitsi lake mwa njira yosautsa, kenako amamuzembera n'kupita kwa wina osamuuza aliyense wa awiriwo zoona. Mwana akamakanirira chidole chake timaseka. Bambo akamanamiza mkazi amene anamutomera, kuseka kumavuta, makamaka filimu ikamatiuza kuti tikhale mbali yake. Winnie palibe chimene analakwa kupatula masangweji.

Onjezani kuti pofika 1988 omutsatira anali atasintha. Kuyambira 1986 ana mamiliyoni ankamuonera Loweruka lililonse m'mawa pa wailesi ya kanema ya CBS, mu pulogalamu yake ya Pee-wee's Playhouse, ndipo makolo anawatengera anawo ku filimu akuyembekeza zomwezo. Anapeza nkhani ya mwamuna mmodzi ndi akazi awiri, yokhala ndi zithunzi za sitima yolowa m'phanga zimene wamkulu aliyense amadziwa tanthauzo lake. Akuluakulu amene ankakonda nthabwala zolasa za pa siteji nawo anapeza nkhumba yoyankhula ndi mathero otsekemera. Mapanga awiri avumbwitsa. Ana anatopa nayo, makolo anachita nayo manyazi, ndipo achinyamata amene anatchukitsa filimu yoyamba sanapezemo mawu oti azikabwereza kwa anzawo.

Tim Burton akanakhalapo, zikanasintha?

Burton anali atapita kale patsogolo. Beetlejuice inatuluka mu March 1988, ndipo anali akukonzekera Batman ya 1989. M'malo mwake munalowa Randal Kleiser, amene anatsogolera Grease mu 1978 ndi The Blue Lagoon mu 1980. Iye ndi Reubens ankadziwana kale, poti Reubens ndi amene anayankhula mawu a chombo cha m'mlengalenga mu Flight of the Navigator, filimu ya Kleiser ya 1986, pogwiritsa dzina loti Paul Mall.

Kleiser si mmisiri woipa. Filimuyi njowala, mitundu yake njokongola, ndipo amadziwa kujambula anthu awiri okondana. Vuto lake n'lomwelo. Amamujambula Pee-wee ngati mnyamata wa m'filimu ya chikondi, pamene Burton ankamujambula ngati chidole chamoyo chimene nthawi iliyonse chingakuopseni. Mantha pang'ono aja, ngati nkhope ya mayi wa thiraki ikusandulika mwadzidzidzi, ndiwo ankakometsa nthabwala. Komabe anthu amakonda kuiwala kuti pa gome lolembera panasowanso munthu. Phil Hartman anali atapita ku Saturday Night Live mu 1986, ndipo nkhani yachiwiri Reubens analemba ndi George McGrath. Burton akanabwera akanapeza nkhani yomweyi ya famu ndi akazi awiri, ndipo sindikhulupirira kuti kamera yokha ikanaichiritsa.

Nanga za kupsompsonana kotchuka kuja?

Pee-wee ndi Gina amapsompsonana kupitirira mphindi yathunthu, kamera ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iwo osalekana. Cholinga chinali nthabwala, kuti kutalika kwakeko kuseketse. Kumaseketsadi pang'ono chapakati, kenako munthu umayamba kuyang'ana kumbali.

Ndani ena odziwika ali m'filimuyi?

Apa ndiye pali zodabwitsa. Mace Montana ndi Kris Kristofferson, woyimba ndi wolemba nyimbo wotchuka, amene amasewera mosaseka ngakhale pang'ono, ngati kuti kukhala ndi mkazi wa m'thumba n'chinthu cha masiku onse. Kuuma nkhope kwakeko n'kumene kumakoma. Midge ndi Susan Tyrrell. Winnie ndi Penelope Ann Miller, amene pambuyo pake anadzasewera ndi Al Pacino mu Carlito's Way. Gina ndi Valeria Golino wa ku Italy, ndipo chaka chomwecho mu December anaonekanso mu Rain Man pambali pa Tom Cruise ndi Dustin Hoffman. Tangoganizani kusiyana kwa ntchito ziwirizo m'chaka chimodzi.

Mnyamata wa nkhope ya galu, Duke, ndi Benicio del Toro, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba. Patatha zaka 13 analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha Traffic. Mayi wandevu ndi Lynne Marie Stewart, mnzake wa Reubens wa ku Groundlings amene ana ankamudziwa monga Miss Yvonne. Mawu a nkhumba ndi a Wayne White, mmisiri wa zidole wa pulogalamu ya pa CBS ija.

Palibe chabwino chilichonse m'menemo?

Chilipo, ndipo chambiri chili koyambirira. Filimu imatsegula ndi maloto: Pee-wee ndi woyimba wotchuka, atsikana akukuwa, iye athawa atadzibisa ngati Abraham Lincoln, kenako angouluka. Akadzuka, m'mawa wa pa famu ndi wokoma ndithu, ziweto zikudzutsidwa m'mabedi, chakudya chikukonzedwa, iye akutafunira ana a mbalame nyongolotsi. Pamenepo mumamuona Pee-wee weniweni, mfumu ya kadziko kake kopanda nzeru. Chikondi cha mvuu imene imatsata Vance paliponse chimaseketsa kuposa chikondi cha anthu. Nyimbo za Elfman nazo n'zabwino moti mungazimvetsere pazokha. Zinthu zimayamba kuzizira circus ikangofika, chimene n'chomvetsa chisoni kwa filimu ya circus.

Kodi filimuyi ndi imene inagwetsa Reubens?

Ayi. Inatseka khomo la mafilimu a Pee-wee kwa zaka zambiri, koma pa wailesi ya kanema zinthu zinkayenda bwino. Pee-wee's Playhouse inaulutsidwa pa CBS kuyambira 1986 mpaka 1990, magawo 45, ndipo inalandira mphoto zambiri za Emmy, zimene zimaperekedwa ku mapulogalamu a pa kanema. Inali nyumba imene mpando, zenera ndi wotchi zimayankhula, ndipo tsiku lililonse pamakhala liwu lachinsinsi loti wina akalitchula aliyense akuwe. Laurence Fishburne ankasewera Cowboy Curtis, S. Epatha Merkerson ankabweretsa makalata. Pa nthawi imene mapulogalamu ambiri a ana anali zojambula zotsatsa zidole, iyi inali ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana ndi luso lenileni la manja. Pulogalamuyi inatha chifukwa Reubens mwini anatopa n'kukana kupitiriza.

Nanga chinachitika n'chiyani mu 1991?

Mu July 1991, ali kocheza kwa makolo ake ku Sarasota, apolisi anamumanga m'nyumba yoonetsera mafilimu olaula pa mlandu wodzionetsa mosayenera. Chithunzi cha kupolisi, tsitsi lalitali ndi kandevu, chinafalikira paliponse, ndipo kwa anthu ambiri aka kanali koyamba kuona nkhope ya Paul Reubens yopanda Pee-wee. Kubisala kwa zaka khumi kuja kunamutembenukira: nyuzipepala sizinalembe kuti wamangidwa wosewera wina, zinalemba kuti wamangidwa Pee-wee, bwenzi la ana. CBS inasiya kubwereza magawo akale, masitolo anachotsa zidole zake. Ambiri mpaka lero amaganiza kuti kumangidwaku n'kumene kunathetsa pulogalamu, pamene inali itatha kale chaka chapitacho.

Ku khoti sanautsutse mlanduwo, ndipo anamulamula kugwira ntchito zothandiza anthu. Mu September chaka chomwecho anatulukira atavala suti ija pa mwambo wa mphoto za MTV, n'kufunsa anthu ngati amvako nthabwala zabwino masiku amenewo. Holo yonse inaimirira.

Panabweranso mlandu wina. Mu 2001 apolisi anafufuza nyumba yake ku Los Angeles n'kutenga zithunzi ndi magazini akale amene ankatolera, ndipo mu 2002 anamuimba mlandu wosunga zithunzi zolaula za ana. Mu 2004 mlandu umenewo anauchotsa, iye n'kuvomera wocheperapo wosunga zinthu zolaula. Mpaka imfa yake ankakana zoti anali ndi chilakolako chilichonse pa ana.

Anasoweratu pambuyo pake?

Anasiya suti, sanasiye ntchito. Tim Burton anamupatsa malo a bambo wa Penguin mu Batman Returns mu 1992, ndipo anayankhulanso mawu a Lock mu The Nightmare Before Christmas mu 1993. Anaoneka mu Buffy the Vampire Slayer, mu Matilda monga wapolisi wofufuza, ndi mu Mystery Men. Pa sewero la pa kanema la Murphy Brown anapikisana nawo pa mphoto ya Emmy. Amene akufuna kuona kuti munthuyu anali wosewera weniweni aonere Blow ya 2001, mmene ali wokonza tsitsi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo pambali pa Johnny Depp.

Pee-wee anabwerera mu 2010 ndi sewero la pa siteji ku Los Angeles, kenako ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, chakumapeto kwa chaka chomwecho. Mu March 2016 Netflix inatulutsa Pee-wee's Big Holiday, yotsogoleredwa ndi John Lee, mothandizidwa ndi Judd Apatow. Taonani chimene anachita: anamuchotsa pakhomo n'kumuikanso pa msewu, ndi cholinga chimodzi chokha, kukafika ku New York ku phwando la tsiku lobadwa la bwenzi lake latsopano Joe Manganiello. Reubens anali ndi zaka 63, ndipo nkhope yake anaisalaza ndi kompyuta.

Kodi tinganene kuti ndi Mr. Bean wa ku America?

Amafanana pa suti, pa kudzikonda ndi pa mtima wa chibwana, koma Pee-wee ndiye wamkulu, poti Mr. Bean wa Rowan Atkinson anayamba kuoneka pa ITV mu 1990. Kusiyana kwenikweni kuli pakamwa. Bean sayankhula kwenikweni, n'chifukwa chake amaseketsa munthu wa chiyankhulo chilichonse. Pee-wee ndi wolongolola, ndipo nthabwala zake zambiri zimatsamira pa mawu a ana a ku America ndi mapulogalamu awo akale. N'chifukwa chake kunja kwa America sanafike pamene anafika Bean.

Reubens anamwalira liti?

Pa 30 July 2023 ku Los Angeles, ali ndi zaka 70. Anadwala khansa zaka zisanu ndi chimodzi osauza anthu, ndipo uthenga umene anasiya unali wopepesa kuti sanaulule. Asanamwalire anakhala maola pafupifupi 40 akucheza pa kamera ndi Matt Wolf, amene naye sankadziwa za matendawo. Zokambiranazo zinatuluka mu 2025 pa HBO m'filimu ya mbiri yake ya Pee-wee as Himself. M'menemo Reubens ananena poyera koyamba kuti ankakonda amuna anzake, ndipo kuti ali mnyamata anali pa ubwenzi woonekera, koma anasankha kubisa moyo umenewo kuti ntchito yake ipite patsogolo. Mukadziwa zimenezi, Big Top Pee-wee imaoneka mwa mtundu wina. Ndi filimu imene munthu wobisa chikondi chake chenicheni anadzilembera yekha nkhani yoti akazi awiri okongola akumulimbirana.

Ndiyambe ndi iti, ndipo ana angaonere nawo?

Yambani ndi ya 1985, kenako magawo angapo a Pee-wee's Playhouse, kenako ya 2016. Big Top Pee-wee ibwere pomaliza, mutamuzolowera kale munthuyo, apo ayi mudzadabwa kuti anthu ankamukonderanji. Ku America anaiika m'gulu la PG, kutanthauza kuti makolo aziyang'anira. Mulibe kutukwana koopsa kapena magazi, ndipo ana aang'ono amakondwa ndi ziweto za koyambirira. Ngati mukuonera ndi ana pabalaza, khalani ndi rimoti pafupi pa malo awiri: pa chakudya cha masana cha Pee-wee ndi Winnie, ndi usiku umene Pee-wee akagogoda pa ngolo ya Gina.